Mfundo Yachisanu ndi Chiwiri

Ine ndimakhala pakampando ka kukhoma,
kumbuyo kwa wapampando,
kumene mphepo ya fani sifika.
Ntchito yanga ndi makutu ndi zala;
pakamwa ndimapasiya kunyumba ku Matawale.

A khonsolo anafika dzulo.
Ena agona kuphiri, kumene nkhungu imagogoda pazenera,
atsika m'mawa uno matayala ali ndi matope ofiira.
Ndayala mayina awo patebulo,
aliyense kapepala kake kopinda ngati denga:
Pulofesa Chimwaza, mkulu wa yunivesite;
Mayi Likoswe a zamalamulo;
Che Mtelera, amene anawerenga ndalama za eni
mpaka maso anachita chifunga;
ndipo kumapeto, pafupi ndi chitseko,
Mwatitha Sokosa, woimira ophunzira,
m'jekete yobwereka yomeza zala zake.

Mfundo yoyamba, pemphero. Yadutsa.
Yachitatu, magalimoto atsopano a akuluakulu:
mphindi makumi anayi,
ngakhale mtundu wa penti waupeza mpata.
Kenaka tiyi.

Yachisanu ndi chiwiri ndimaidziwa ngati chipsera changa.
Malo ogona ophunzira.
Zaka zinayi ndakhala ndikuinyamula
kuchoka msonkhano uno kuitula pa winawo
ngati mwana wopanda mwini pamaliro.

Mwatitha waimirira. Mawu akunjenjemera, koma akutuluka.
Akunena za ku Chikanda,
anthu asanu m'kachipinda ka awiri,
Likangala akadzaza madzi amalowa osaodira.
Akunena za mtsikana wochoka kulaibulale usiku
mwala uli m'manja mpaka pakhomo.
Kenaka watulutsa buku m'chikwama,
lotupa ngati mkate wogwera m'chithaphwi,
masamba omatana,
waliika pakati pa mabotolo a madzi.
"Ili andilipiritsa," watero. Wakhala pansi.

Zii.
Supuni yokha ikuzungulira m'kapu ya munthu wina.

Pulofesa avula magalasi.
"Tamva, mwanathu. Thumba ndi lobooka."
Sakunama. Makalata awo opita ku Lilongwe
ndinatayipa ndine, khumi ndi imodzi,
yankho linabwera limodzi, lothokoza chifukwa cholemba.
Ndimawaona madzulo nyali ya ofesi ili chiyakire,
tsitsi likuyera mwezi ndi mwezi.

Mayi Likoswe akuti pakhale kakomiti.
Mitu ikugwedera, mapepala ayamba kutsekedwa.

Apo Che Mtelera akhosomola.
Tonse timayesa akuwodzera.
"Wapampando, tabwererani pa mfundo yachitatu.
Galimoto imodzi ija,
ndi matumba angati a simenti?"
Palibe wayankha.
Atembenuza pepala la ndondomeko,
alemba ndi pensulo yotafunidwa kumutu,
achotsa, aonkhetsa, anyowetsa chala,
natchula nambala.
Nambalayo yakhala pakati pathu
ngati mlendo amene sanamuikire mpando.

Wapampando ayang'ana wotchi.
Kunja mitambo yatsamira paphiri,
ndipo msewu wa ku Blantyre suyendeka bwino mvula ikagwa.
"Tikweze manja."
Asanu uku. Asanu ndi mmodzi uko.
Dzanja la Pulofesa linanyamuka pang'ono,
linaima m'malere,
kenaka linakakanda khutu.

Tsopano ndatsala ndekha.
Makapu atengedwa, ndalama za msonkhano zasainidwa.
Zala zanga zikudziwa njira:
"Nkhaniyi yaimikidwa kaye."
Mawu amenewa amadzilemba okha.
Koma lero pansi pake ndawonjeza mzere:
nambala ya Che Mtelera, yonse, ndi maziro ake.
Mwina mlembi wamkulu adzaidula ndi inki yofiira.
Adule. Kuti adule ayenera kuiwerenga.

Buku lija laiwalika patebulo.
Likununkha chinyezi ndi utsi wa makala.
Sindilibweza kulaibulale.
Ndalitsekera m'kabati ya mafayilo a khonsolo,
ndipo mwezi wa Malichi, poyala mayina,
ndidzaliika pamalo a wapampando,
pansi pa kapu yawo ya tiyi.